Timakina togona, akatswiri osagona

M'mafakitale a makono muli timakina ting'onoting'ono toyeza kutentha ndi kunjenjemera kwa zitsulo, timene mabatire ake ayenera kukhala zaka osasinthidwa, kotero kuti moyo wawo wonse ndi tulo tokhatokha, kupatula kamphindi kamene ndandanda yatilola kudzuka, kunong'oneza mawu awiri pa wailesi, ndi kugonanso. Ndandandayo, imene bungwe la IEEE lidakhazikitsa mu 2012 pa dzina la TSCH, imadula nthawi m'tizigawo ta mamilisekondi 10, nidumphitsa timakinato pa matchanelo 16, kuti phokoso la Wi-Fi lisatitseke pakamwa.

Koma taonani, pamene akuluakulu a bungwe la IETF adakhala pabwalo mu 2013, m'gulu lotchedwa 6TiSCH, kuti alumikize timakinati ku intaneti, adapeza kuti asanalamule timakina nthawi yoyankhula, anayenera kuyamba amvana okha, pakuti mzimu wa ku Babele sufa msanga. Padalembedwa chikalata chapadera cha matanthauzo a mawu, chonena kuti "timeslot" ndi nthawi chabe, pamene "cell" ndi nthawi pamodzi ndi tchanelo chake. Ndiponso kuti "cell" yolimba sisunthika, koma yofewa makina angaisamutse atakambirana ndi mnansi wawo, ulemu umene anthu ambiri olimbirana malire a munda sadaufikebe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akuluakuluwo adadekhadi: chikalata chachikulu cha mamangidwe, RFC 9030, chimene chidameza matanthauzo aja, chidatuluka mu 2021, patapita zaka pafupifupi 8.