Ulemu kwa Ukulele, Kagitala ka Nsambo Zinayi

Piyano yatamandidwa mokwanira. Gitala nayo ili ndi oiimbira m'manja m'dziko lililonse. Koma kachida kotchedwa ukulele, kamene munthu akakanyamula m'khwapa anzake amamufunsa ngati wagulira mwana chidole, kakusowa wokanenera zabwino pagulu. Ntchito imeneyi ndaitenga ine, ndipo sindilipiritsa.

Tiyambe ndi kumene kanachokera, poti wolemekezeka aliyense amafunsidwa kwawo. Mu August 1879 sitima yapamadzi ya Ravenscrag inakocheza ku Honolulu, ku Hawaii, itanyamula Apwitikizi a pachilumba cha Madeira odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pakati pawo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, amene pambuyo pake anayamba kusema timagitala tofanana ndi ta kwawo pogwiritsa ntchito mtengo wa koa. Ukulele unabadwa chomwecho, m'manja mwa anthu obwera kudzasaka ganyu. Zaka zisanapite zambiri, Mfumu Kalākaua ya ku Hawaii inali itaukonda, ndipo unkalira pa maphwando a kunyumba yachifumu. Kukwera kotereku, popanda satifiketi kapena malume m'boma, n'kosowa.

Chionetsero cha ku San Francisco cha mu 1915 chinaufalitsa mu America monse. M'zaka za m'ma 1950 Mario Maccaferri anaupanga ndi pulasitiki n'kugulitsa mamiliyoni. Vayolini ikanafa ndi manyazi. Ukulele unangopitiriza kulira.

Taonaninso kufatsa kwake. Nsambo ndi zinayi basi: G, C, E ndi A. Kuti mugwire kiyi ya C mungoika chala chimodzi pa nsambo ya m'munsi, mpata wachitatu, zala zinazo zili pa tchuthi. Mukawonjeza F, G ndi Am, dzuwa lisanalowe mwasanduka woimba, popeza nyimbo zambirimbiri za pawailesi zimangozungulira pa makiyi anayi omwewa. Sukulu ina iti imene imapereka digiri tsiku lomwe mwalembetsa?

Komatu ukulu weniweni wa ukulele uli pa bodza lake, ndipo apa ndiye ndikuvula chipewa. Mu 2006 pa YouTube panafala vidiyo ya mnyamata wa ku Honolulu, Jake Shimabukuro, atakhala mu Central Park ku New York akuliza nyimbo ya George Harrison ya While My Guitar Gently Weeps. Amayamba mofatsa, nsambo imodziimodzi, ngati akuopa kudzutsa munthu. Kenaka dzanja lamanja limathamanga mpaka diso kulephera kulitsata, kachidako n'kumamveka ngati oimba atatu, wina akutsogolera nyimbo, wina akuperekeza, wina akumenya ng'oma pa thabwa lomwelo. Munthu wanzeru akaona zimenezi amayenera kugwira pakamwa n'kukagona. Koma ukulele umamunong'oneza kuti: nsambo ndi zinayi zokha, achimwene, inunso zala muli nazo. Suwonjezapo kuti Jake anayamba ali ndi zaka 4 akuphunzitsidwa ndi mayi ake, ndipo pamene vidiyoyo inkafala anali atakanda nsambo zaka pafupifupi 25.

Palibe amene amaonera katswiri wa piyano usiku n'kukagula piyano m'mawa. Mtengo umamuletsa, ndipo ngakhale akanakhala nazo ndalama, chitseko cha nyumba ya lendi chikanakana. Ukulele suletsa munthu. Ndi wotchipa, umalowa m'chikwama, ndipo umalola aliyense kudzinamiza pa mtengo umene angakwanitse. Ufulu wa anthu onse ndi umenewu.

Wina amakopeka ndi Israel Kamakawiwoʻole, chimunthu chachikulu chimene ukulele unkangooneka ngati kabatani pachifuwa pake. Nyimbo yake yotchuka ya Over the Rainbow anaijambula usiku mu 1988, kamodzi kokha osabwereza, ndipo inatuluka mu 1993 pa chimbale cha Facing Future. Wophunzira wathu akamva zakuti kamodzi kokha amapeza phunziro lomwe amalifuna: kuyeserera n'kutaya nthawi.

Tsono kachida kafika pakhomo, maphunziro a khalidwe ayambika. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka, moti mukachuna bwinobwino n'kupita kukamwa madzi, pobwera mupeza zachoka kale. Ena amati limeneli ndi vuto. Ine ndimati ndi chifundo, chifukwa kwa masabata oyambawo wophunzira ali ndi pothawira: sindine ndalakwitsa, ndi nsambozi. Zikadzakhazikika, ukulele umamupatsa mayeso ena, kiyi ya E, imene imafuna kuti zala zitatu zithithikane pa mpata umodzi pamene chachinayi chatsalira kumbuyo. Apa ndi pamene ambiri amazindikira mwadzidzidzi kuti nyimbo zokhala ndi E sankazikonda n'kale.

Nanga ulemu wake kwa oyandikana nawo nyumba! Wophunzira lipenga amathamangitsidwa ndi alandilodi mwezi usanathe. Wophunzira ukulele palibe angamusumire, poti phokoso lake ndi laling'ono kwambiri kuti mfumu kapena apolisi alimvetsere. Limangodutsa khoma pang'onopang'ono ngati udzudzu wolirira kunja kwa neti: sukulumani, komanso simugona. Aneba amadziwa pamene chala chiti chiphonye, amadikira, chimaphonyadi, nyimbo n'kuyambiranso poyamba. Pakutha pa mwezi banja lonse la kuseri limatha kuimba mizere iwiri yoyamba ya nyimboyo, ndipo palibe amene anamvapo wachitatu.

Musaganize kuti matenda a ukulele amagwira anthu wamba okha. George Harrison yemwe uja, wa gulu la Beatles, amene akanatha kugula gitala iliyonse padziko, ankayenda ndi maukulele m'galimoto n'kumagawira anzake, kuti akafika pakhomo pasapezeke wokana kuimba. Ku Britain kuli gulu la Ukulele Orchestra of Great Britain, limene linayamba mu 1985 ndipo oimba ake amavala masuti ngati a nyimbo zapamwamba. Mu 2009, pa makonsati a BBC Proms mu Royal Albert Hall ku London, anauza oonerera kuti abwere ndi maukulele awo, ndipo anthu pafupifupi 1,000 analiza pamodzi Ode to Joy ya Beethoven. Mwiniwake wa nyimboyo anali gonthi, komanso anamwalira kale mu 1827. Anthu ena mwayi umawagwera pawiri.

Ndipo chidwi chikazirala, monga chimachitira, ukulele susunga mangawa. Piyano yosiyidwa imadzaza chipinda n'kumakuyang'anani tsiku lililonse. Ukulele umangofuna msomali umodzi pakhoma, pomwe umayamba ntchito yatsopano yokometsera pabalaza. Mlendo akafunsa kuti, "Kodi mumaimba?" mwininyumba amayankha kuti, "Pang'ono chabe," ndipo aka n'koyamba kuti kachidaka kanenetse munthu zoona. Zinthu zikathina kumapeto kwa mwezi, amaupukuta fumbi n'kuulengeza pa Facebook kuti ukugulitsidwa, wogwiritsidwa ntchito pang'ono. Wogula sachedwa kupezeka. Amakhala atangoonera kumene vidiyo ya Jake usiku wathawu, ndipo sanenerera n'komwe mtengo.