Mtembenuzeni Lamulungu Lisanafike

Pali anthu amene Lamulungu m'mawa amachapa zovala, kukonza njinga, kapena kugona mpaka dzuwa litawapeza pa mphasa. Mnzanu ndi mmodzi wa iwo, ndipo mwamudziwa chomwecho chichokereni kusekondale. Ndiye tsiku lina muli pa chiwaya kudikira tchipisi, iye n'kungoti: "Koma amwene, munthu ukamapemphera umadziwa bwanji kuti alipo amene akumva?" Apa ndi pamene Akhristu ambiri amataya mwayi. Amayamba kuganiza, kumufunsa chimene chamuchitikira, ena amafika mpaka pomumvetsera. Malangizo awa ndalembera inu amene mulibe nthawi yoseweretsa.

Dziwani kaye kuti mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, 77 ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo amene ananena kuti alibe chipembedzo ndi awiri okha. Munthu wopanda mpingo ndi wosowa, pamene mipingo yomufuna yachita kuchuluka moti m'tauni sukulu imodzi ya pulayimale imasunga mipingo ingapo Lamulungu, kalasi iliyonse ndi chimkuzamawu chake. Mukazengereza, amayi a Mvano a nyumba yoyandikana naye amupeza, kapena mnyamata wa jekete lonyezimira uja wa ku depoti. Mzimu wake upulumuka ndithu, koma dzina lake lilembedwa m'kaundula wa eni ake, ndipo inu mudzanena chiyani pa nthawi ya maumboni?

Choncho musalole kuti amalize funso. Akangotchula dzina la Mulungu, mutsanulireni mavesi onse amene munaloweza ku Sande sukulu, osapumira. M'buku la Machitidwe, mutu 8, muli nkhani ya Filipo amene anapeza nduna ya ku Itiyopiya ikuwerenga Yesaya m'galeta. Filipo anayamba ndi kufunsa ngati munthuyo akumvetsa zimene akuwerenga, anadikira kuti aitanidwe, anakwera n'kukhala pansi, kenako anayambira pa ndime yomweyo imene mlendoyo anakakamira. Njira imeneyo inali ya nthawi ya magaleta. Lero muli ndi foni. Usiku womwewo mulowetseni m'gulu la mapemphero la pa WhatsApp osamupempha, kuti 4 koloko m'mawa adzutsidwe ndi mauthenga a mawu, zithunzi za mkango ndi nkhunda, ndi chenjezo lakuti amene satumiza uthengawu kwa anthu 10 wachita manyazi ndi Yesu. Akatuluka m'gulumo, mubwezereni. Akatulukanso, ndiye kuti mdierekezi wayamba kumva kutentha.

Zimene wakuuzani mwachinsinsi musakhale nazo nokha, n'zolemera. Kumlaga kapena kumphakati, nthawi ya zopempherera ikakwana, imirirani ndi nkhope yachisoni: "Abale ndi alongo, tiyeni timukumbukire mnzanga wina, sindimutchula dzina, amagwira ntchito pa shopu ya matayala ija, wamtali, mkazi wake anachoka mwezi watha." Imeneyi si miseche, chifukwa yatha ndi ameni. Pofika Lachisanu dera lonse lidzakhala likumupatsa moni wachifundo, ndipo iye adzazindikira kuti Akhristu amadziwa kusenzerana zothodwetsa.

Tsiku lomutengera ku tchalitchi lisankheni mosamala. Labwino kwambiri ndi la Pepa Sande yomangira nyumba ya abusa, pamene mwambo umayamba 8 koloko n'kutha dzuwa litapendeka, ndipo woyendetsa mwambo amaitana anthu kutsogolo potengera mwezi umene anabadwa, boma limene amachokera, ndi mtundu wa nsapato zimene avala. Musamuuze za kavalidwe, kuti adzaphunzire kudzera m'maso mwa anthu. Musamuuzenso kuti benchi lachitatu kumanja lili ndi eni ake chiyambire ulamuliro wa Kamuzu. Ikafika nthawi yakuti alendo aimirire, mukokeni mkono, ndipo akamazengereza nenani mokweza kuti, "Ndi uyu ndinkanena uja." Munthu amene anabwera kuti akhale kumbuyo, amve, aganize, n'kutuluka mwakachetechete, ayenera kudziwa msanga kuti kuno sitibisala.

Pa nkhani ya Baibulo, ena amalangiza kuti woyamba kumene awerenge Marko, poti ndi waufupi, mitu 16 yokha, ndipo Yesu amaonekamo akuyenda, akuchiritsa, akudya ndi anthu. Ena amati Yohane. Ine ndikuti muyambitseni Levitiko 13, pa malamulo oyezera khate, kuti adziwe kuti chikhulupiriro si masewera. Akapirira, mulumphitseni mpaka Chivumbulutso 13 ndipo mumuonetse kuti 666 ndi chitupa cha unzika, katemera, ndi nambala ya foni iliyonse imene simukuidziwa. Ngati wabwera ndi Buku Loyera, lija linatuluka mu 1998 Akatolika ndi Achiprotestanti atagwirira limodzi ntchito yomasulira, mulandeni. Muuzeni kuti Mulungu amayankhula Chinyanja cha Buku Lopatulika la 1922 basi, chimene William Murray ndi anzake anamasulira, ndipo ngati mawu ena sakuwamva ndiye kuti mtima wake ndi wouma. Kuti omasulirawo anavutika zaka zambiri n'cholinga chakuti munthu wamba amve m'chiyankhulo chake, imeneyo ndi mbiri chabe, musamusokoneze nayo.

Tsopano tifike povuta, chifukwa mafunso enieni amabwera mochedwa. Anthu ambiri amene timati ayamba kufunsa za Mulungu si achilendo ku tchalitchi. Anabatizidwa ali makanda, anaimba kwaya, ena analowa kalasi mpaka kudya mgonero. Anachoka pa chifukwa, ndipo chifukwacho amachisunga pansi pa mtima. Tsiku lina mnzanuyo adzakuuzani kuti mayi ake atamwalira, mpingo unakana kuimba pa maliro chifukwa khadi lawo la chopereka linali ndi mipata, mayi amene anasesa tchalitchicho mpaka msana unapindika. Kapena adzafunsa chifukwa chimene mwana wake wa zaka 3 anafera ndi malungo pamene anthu akuba mankhwala m'zipatala akunenepa. Kapena adzafunsa kumene kuli agogo a agogo ake, amene ankathira nsembe pansi pa mtengo wa msolo ndipo anamwalira mmishonale asanaponde dziko lino.

Pa nthawi imeneyi pali mawu amodzi amene simuyenera kuwatchula ngakhale atakupanani pakhosi: "Sindikudziwa." Mkhristu wokhwima amadziwa zonse. Za mayi ake, muuzeni kuti malamulo ndi malamulo. Za mwana, muuzeni kuti Mulungu anafuna duwa m'munda mwake, kapena, ngati mukufuna kuti nkhani ithe msanga, muuzeni kuti ndi maunyolo a kumtundu ndipo azakhali ake akudziwapo kanthu. Mukatero mwamupatsa yankho komanso mdani, zinthu ziwiri pa mtengo wa chimodzi. Anzake a Yobu atamva za tsoka lake anabwera n'kukhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo alipo alaliki amene amati m'buku lonselo ndi pokhapo pamene anthu atatuwo anachita zanzeru. Inu tengerani zimene anachita kuyambira tsiku lachisanu ndi chitatu, pamene anatsegula pakamwa n'kumufotokozera Yobu machimo amene sanachite. N'zoona kuti kumapeto kwa bukulo Mulungu anawakalipira, koma ndi anthu ochepa amene amawerenga mpaka mutu 42.

Kukayika kulikonse mukutche chiwanda. Tomasi anakayika pamaso pa atumwi onse, anakhalabe pakati pawo sabata yathunthu osathamangitsidwa, ndipo Yesu atabwera anamuonetsa mabala. Mpingo wa nthawi imeneyo unalibe komiti ya mwambo.

Munthu sagula chinthu osamva ubwino wake, ndiye mulonjezeni. Ntchito ipezeka, mkazi abwerera, viza ituluka, shuga atsika, amene anamubera ku Joni abweza ndi chiwongoladzanja. Muonetseni pogula mafuta odzozedwa ndi nambala yotumizira mbewu, ndipo mumukumbutse kuti mbewu yaing'ono imabala zazing'ono. Za Paulo, amene anakwapulidwa, kuponyedwa miyala, kusweka naye chombo katatu, n'kupempha katatu kuti minga ichoke m'thupi mwake koma osachoka, musatchule. Pakatha miyezi itatu ntchito osaoneka, vuto ndi chikhulupiriro chake. Apa n'pokoma: malonjezo ndi anu, koma kulephera n'kwake.

Adzakuuzani anthu ena, makamaka okalamba a mu mpingo, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adzakukumbutsani za Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, n'kukhala zaka zoposa 5 akuphunzitsa, kuchiritsa ndi kuika anzawo m'manda, munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, n'kudzapezeka mu 1881. Munthu mmodzi! Lero mlaliki wotere sangaitanidwenso ku msonkhano wachitsitsimutso. Adzakuuzani za ansembe a White Fathers amene anafika ku Mua mu 1902, amene ankaphunzitsa munthu zaka 4 asanamubatize, kuti adziwe chimene akulowa. Adzatchula Augustine wa ku Hippo, mwana wa kumpoto kwa Africa, amene anayendayenda m'ziphunzitso zosiyanasiyana mayi ake Monica akulira ndi kupemphera, mpaka anabatizidwa ndi Ambrose ku Milan mu 387 ali ndi zaka 32. Adzatchula Nikodemo, amene anabwera usiku ndi mafunso mu Yohane 3, n'kuchoka osanena kuti wakhulupirira, kudzaonekanso pang'ono mu mutu 7, kenako mu mutu 19 atanyamula zonunkhira zokaikira mtembo wa Yesu pamene ophunzira ambiri anali atathawa. Mvetserani mwaulemu, poti ndi akuluakulu, koma dziwani kuti anthu onsewa analibe lipoti loti apereke kumapeto kwa mwezi. Inu mpatseni mnzanuyo masiku 7. Mukumbutseni tsiku lililonse kuti minibasi zikugubuduzika, ndipo mukamva za ngozi mutumizireni zithunzi.

Ubwenzi wakale uja muusiye. Bawo, mpira, nkhani za mitengo ya feteleza, kuseka zopanda pake, zonsezo zinali za nthawi imene iye anali mnzanu. Tsopano ndi ntchito. Akakuimbirani kuti mukaonere limodzi mpira, muyankheni kuti muli pa kusala kudya chifukwa cha iye. Akagonekedwa m'chipatala, musavutike ndi kunyamula phala kapena kugona pa simenti monga amachitira anthu osauzimu. Tumizani vesi ndi kachithunzi ka manja opemphera. Akakhala pa siwa, pitani, koma musagwire khasu ndi adzukulu kapena kutema nkhuni. Dikirani mpata woti mumunong'oneze kuti, "Mwaona amwene? Mawa ndi inu."

Chinthu choopsa kwambiri pa ntchito yonseyi ndi chakuti mnzanuyo amakudziwani. Mlaliki wa m'basi amatsika pa siteji n'kuiwalika, koma inu amakuonani Lolemba. Amadziwa mmene mumayankhulira ndi mtsikana wantchito kunyumba kwanu ndi mwezi umene munamulipira komaliza. Amadziwa za alawansi ya msonkhano umene simunapite. Akukumbukanso K50,000 imene munamubwereka chaka chatha ponena kuti mubweza pa malipiro. Anthu ofooka amaganiza kuti njira yake ndi kubweza ngongoleyo, kupepesa kumene analakwa, ndi kumulola munthu kuona kuti Mkhristu nayenso amagwa n'kudzuka. Zimenezo zimadya ndalama. Chotchipa ndi kumuuza kuti asayang'ane munthu, ayang'ane Yesu. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ubwino wake ndi wakuti amagwira ntchito nthawi iliyonse imene munthu wayang'ana pamene simukufuna.

Mwina, ngakhale mwachita zonsezi, mnzanuyo adzakhulupirira ndithu. Zimachitika. Kawirikawiri mukafufuza mudzapeza kuti pali gogo wina kapena mnzake wa kuntchito amene ankangomumvetsera, kumuitanira nsima, kuwerenga naye mutu umodzi pa sabata, ndi kuvomera pamene funso lamukanika. Munthu ameneyo sadzadzitchula, choncho bwalo ndi lanu. Konzani umboni. Onjezerani pang'ono za moyo wake wakale, chifukwa munthu amene ankangomwa mabotolo awiri Loweruka sagwedeza mpingo. Mupatseni chamba, zithumwa, ndi ulendo umodzi wa pa lichero.

Koma akakalowa mpingo wina, lirani. Ngati ndinu a CCAP iye n'kupita ku Katolika, kapena ndinu a Pentekosite iye n'kuyamba kusunga Sabata, muyang'aneni mmene wa Bullets amayang'anira mwana wake amene wabwera kunyumba atavala jezi ya Noma. Muuzeni kuti ubatizo wakewo madzi anachepa, kapena anachuluka, kapena tsiku linalakwika. Musapite ku mwambo wake. Akadzabwera yekha, Baibulo lili m'manja, nkhope ikuwala, kudzakuuzani kuti wakhululukira onse amene anamulakwira kuphatikizapo akulu a mpingo aja a pa maliro a mayi ake, mugwireni chanza mwamphamvu, mumutche m'bale, ndipo mufunse mwaulemu ngati pa onse wakhululukirawo yalowa ndi K50,000 ija.