Amphaka Opunduka Autsa Nkhani M'tauni

Sabata ino nkhani za mtengo wa chimanga zapuma kaye m'tauni muno, pakamwa pa anthu pali amphaka. Kuyambira pamjigo mpaka pasiteji ya kabaza, aliyense ali ndi mphaka wodabwitsa woti asimbe, ndipo aliyense akuti akudziwa chimene chinamupundula.

Tiyambire pamjigo. Amayi odikira kuti ndowa zidzaze anagwirizana kuti mphaka wa panyumba ina pafupi ndi chigayo amamwa kachasu. Umboni wake ndi wakuti akamayenda amadzandira, akati anunkhize mbale mutu umagwedera, akati adumphe amagwera kumbali. Mayi wina anati ameneyo sachoka kwa otcheza kachasu. Mnzake anamudula pakamwa: "Iyayi amayi, ine ndinamuona ali kakhanda. Anayamba kudzandira asanadziwe n'komwe njira ya kumowa." Phwete lake linamveka mpaka kumsewu.

Mayi wachiwiriyu ndiye analasa. Mphaka wa bere akagwidwa ndi kachilombo ka matenda a panleukopenia, kachigawo ka ubongo wa kunkhongo, kamene kamathandiza thupi kuyenda mowongoka, sikakula mokwanira mwa ana ali m'mimbamo. Kamwana kotere sikamva ululu, kudzandirako sikupatsirana, ndipo sikukulirakulira. Kamangofuna mbale yosazama yoti isamagubuduke, pansi posaterera, ndi kukhala kutali ndi mbaula, chitsime ndi msewu. Katemera woperekedwa kwa mphaka wamkazi asanatenge bere amateteza ana ake ku zimenezi.

Pabawo madoda anali ndi yawo. Mkulu wina analumbira kuti waona mphaka wa zala 7 phazi limodzi, ndipo anati wotereyu ndi munthu wochita kusanduka. Mnzake anangoti, "Achimwene, werengani kaye za m'bawomu, mukudyedwa uku." Anadyedwadi, koma pa kawerengedwe ka zala mkuluyo sananame. Mphaka amakhala ndi zala 18, zisanu phazi lililonse lakutsogolo, zinayi lililonse lakumbuyo, koma ena amabadwa ndi zoposerapo. Ndi za kumtundu, ndipo kholo limodzi lokha likhoza kupatsira ana. Ku Key West, m'boma la Florida ku America, nyumba imene ankakhala mlembi Ernest Hemingway ikusunga amphaka oposa 50, pafupifupi theka la iwo a zala zoonjezera, ndipo alendo amalipira ndalama kuti alowemo n'kukawaona. Ku Canada, mphaka wina dzina lake Jake analembedwa m'buku la Guinness mu 2002 ali ndi zala 28. Ntchito ya mwini ndi yochepa: kuwenga zikhadabo zimene sizikhudza pansi, kuti zisapindike n'kulasa phazi.

Ku saluni nkhani inali ya pafoni. Atsikana ankapatsirana zithunzi za Grumpy Cat, mphaka wa ku America wa nkhope yokwinyakwinya amene anatchuka pa intaneti mu 2012. Nkhopeyo inali choncho chifukwa anabadwa wopinimbira komanso chibwano cham'munsi chinali chotulukira kutsogolo. Atamva kuti analemeretsa eni ake mpaka pamene anafa mu 2019, woluka tsitsi wina anaombera m'manja: "Asisi, akuluakulu sananame, ukaipa dziwa nyimbo!" Kenako anafika pa Frank and Louie wa ku Massachusetts, mphaka mmodzi wa nkhope ziwiri ndi maso atatu. Ana obadwa chonchi kawirikawiri samaliza masiku angapo, koma uyu anakhala zaka 15 mpaka mu 2014, chifukwa mayi amene anamutenga ankamudyetsa ndi kachubu ali wakhanda.

Mtsikana wina anati akadzalemera adzagula mphaka wa makutu opindika ngati wa woimba Taylor Swift. Achemwali, ganizaninso. Mtundu umenewu, Scottish Fold, unachokera kwa mphaka mmodzi wotchedwa Susie amene anapezeka pafamu ina ku Scotland mu 1961. Chimene chimapinda makutuwo chimawononganso chichereŵechereŵe cha m'malo olumikizira mafupa, moti ambiri amakula akuvutika ndi nyamakazi. Kusamalira mphaka wobadwa ndi chilema ndi chifundo, koma kubereketsa dala chilema chopweteka chifukwa chikukongola pachithunzi ndi nkhanza.

Kumsika, wogulitsa usipa anapezerapo danga. Iye akulalikira kuti amphaka a masiku ano akupindika miyendo chifukwa eni ake ndi oumira, amangowaponyera mkute. Anthu anamuseka kuti akutsatsa malonda, komabe mfundo yake ili ndi mutu. Mphaka ndi nyama yodya nyama, nsima yokha singamukwanire. Akasowa taurine, chinthu chopezeka mu nyama ndi nsomba, maso amachita khungu ndipo mtima umafooka. Nako kamwana kodyetsedwa mnofu wokhawokha kamasowa kashiamu, mafupa n'kufewa, kupindika ndi kuthyoka chisawawa. Chiwindi cha tsiku ndi tsiku chimaumitsa khosi. Nsomba zing'onozing'ono zophika, zosachuluka mchere, zodyedwa ndi minga yake yomwe, zimathandiza ndithu zikaphatikizidwa ndi nyama ina.

Mayi wogulitsa tomato pambali pake anawonjezera mwambi: lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Amphaka ambiri otsimphina m'makwalalamu anabadwa bwinobwino. Anapundulidwa ndi msampha, galimoto, chitseko kapena mwala wa mwana wa munthu. Khutu lofota nthawi zambiri limayamba ndi tizilombo toyabwa m'khutu: mphaka amakanda n'kupukusa mutu mpaka khutu litatupa magazi, ndipo likapola lokha limakwinyika. Ena timawapweteka pofuna kuwathandiza. Panado amene amatipoza mutu ife ndi poizoni kwa mphaka, m'bulu umodzi ukhoza kumupha. Griseofulvin, mankhwala a zipere, akapatsidwa kwa mphaka wa bere amapundula ana m'mimba. Ndiponso pamene amphaka a khomo limodzi akungoberekana pachibale chaka ndi chaka, zilema zobisika m'magazi zimatulukira poyera.

Pasiteji ya kabaza ndi pamene kuseka kunathera panjira. Anyamata akuti pali mphaka amene amaima ndi miyendo iwiri yakumbuyo, yakutsogolo ataipinda pachifuwa, ndipo ena ayamba kale kuloza chala agogo amene amamusunga. Mphaka wotere anabadwa ndi fupa la mwendo wakutsogolo lalifupi kapena losowa, choncho kukhala njo kumamupepukira kusiyana ndi kutsamira miyendo yopotokayo. Palibe nsupa pamenepo. Anyamata inu, m'Malawi muno lamulo la za ufiti la 1911 likunena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo tonse tikudziwa kumene mphekesera zotere zafikitsa okalamba ena. Agogowo akuyenera kuthokozedwa, chifukwa akulera kanyama kamene ambiri akanakaponya kudzala. Wokhala nawo pafupi awathandize kuyala thumba kapena nsanza zofewa pamene mphakayo amagona, ndi kumuyang'ana ngati sakutuluka zilonda pamene amakhuza pansi.

Macheza ndi abwino, ndipo sabata ino taseka mokwanira. Koma mukaona kamwana ka mphaka kakutulutsa mkaka m'mphuno poyamwa, kakukoka miyendo, kapena kakulephera kudzithandiza, musathamangire kwa sing'anga kapena kumtsinje. Pitani nako ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu, kapena ku bungwe losamalira zinyama la LSPCA ngati muli ku Lilongwe. A vetenale akuuzani chimene chingachizike ndi chimene mphaka angakhale nacho moyo wake wonse popanda ululu. Mukafikako, funsaninso za katemera wa chiwewe ndi za opaleshoni yoletsa kubereka. Mphaka wopunduka amafuna chakudya, pogona ndi mwini womuteteza, ndipo mwiniyo ndinu.