Ine Katswiri wa Zinziri wa ku Banket

Pa komboni ya famu yathu kufupi ndi Banket, aliyense amene wamva za njira yochulukitsira ndalama amadzafunsa kwa ine, poti ndili ndi magalasi owerengera komanso kope la masamu lomwe mwana anasiyira pakati. Agogo anayenda wapansi kuchoka ku Dedza kudzalima fodya wa azungu kuno. Ine mdzukulu wawo ndinalumbira kuti ndidzalemera nditakhala pampando.

Mwayi unafika mu 2016, chaka chimene Zimbabwe yonse inapenga ndi zinziri. Alamu anga a ku Chinhoyi anabwera ndi umboni wodzaza foni: mazira ake ati amachiza BP, shuga, mphumu, ngakhale kufooka kwa abambo. Pamenepa iwo anatsitsa mawu, ine ndinasendeza mpando. Zinziri imayamba kuikira isanakwane miyezi iwiri, ndipo izi n'zoona. Ndinachulukitsa mazira ndi masiku, masikuwo ndi madola, moti pofika tsamba lachitatu ndinali nditagula thirakitala n'kulemba ntchito kapitawo wathu.

Mayi a kunyumba anafunsa uku akupeta: “Bambo, ogula mazirawo ndani?”

“Anthu,” ndinatero.

“Achimwene angawo ndimawadziwa. Akugulitsa mazira kapena anapiye?”

Ankagulitsa anapiye. Amene anawagulitsa iwo ankagulitsanso anapiye. Msika wonse unali wa anthu ofuna kuyamba kuweta, ndiye tsiku lomwe khomo lililonse linakhala ndi khola, wogula anasowa. Za mankhwalazo ndinafufuza ndi thupi langa lomwe. Ndinadya timazira tamathothomathotho tija m'mawa, masana ndi madzulo, koma BP inakwera ndithu pa tsiku lobweza ngongole ya chakudya cha zinziri.

Chaka chomwecho kunatchuka MMM, yolonjeza madola 30 pa 100 aliwonse pamwezi. Umboni wake unali mauthenga a EcoCash, njira yotumizirana ndalama pa foni, omwe anthu ankaonetsana. Mwini wake, Sergei Mavrodi, anali atakhalapo kale m'ndende kwawo ku Russia chifukwa cha chinyengo cha mtundu womwewo, ndipo Reserve Bank of Zimbabwe inachenjeza, koma ndani amamva banki mnzake akumuonetsa foni? Ndalama zolipira olowa msanga zinkachokera kwa olowa mochedwa, basi. Ochedwa atatha, zonse zinagwa. Ine sindinaluze ngakhale senti, ndipo pa mowa ndimanena kuti zinali nzeru. Mayi amati ndalama zinali zitathera ku zinziri. Mu 2023 E-Creator inabwera ndi gule yemweyo itangosintha chigoba, anthu n'kuvinanso.

Lero ndili ndi mafunso atatu omwe ndinatulukira ndekha, ngakhale mayi akuti ndi awo. Loyamba: phindulo likuchokera kuti, pali chinthu chogulitsidwa kwa munthu wochifunadi, kapena ndi ndalama za wolowa mawa? Lachiwiri: wokuuzayo akudyera pati? Lachitatu: oluza ali kuti? Wopindula amafuula pa WhatsApp, woluza amakhala chete m'nyumba, choncho ukamawerenga ofuula okha chilichonse chimaoneka chaphindu. Ngakhale fodya wa pa kontirakiti, wa kampani akakuuza mtengo wa kilo, pempha pepala la mlimi wa chaka chatha uone chotsala atadula feteleza, mankhwala, malasha ndi mayendedwe.

Sabata yatha alamu anabweranso, ulendo uno ndi zogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa foni. Ndinavala magalasi, n'kuwapanikiza ndi mafunso anga pamaso pa komboni yonse. Analephera onse atatu, anthu anandiwombera m'manja. Powaperekeza, titadutsa mabalani, ndinawafunsa chapansipansi kuti kulowa kwake ndi zingati. Anati madola 20 okha. Mwatsoka, nambala yachinsinsi ya EcoCash yanga amasunga ndi mayi.