Mlandu wa Tiasilikali ta M'katoni

Khalani pansi nonse atatu. Iwe wa ku Lusaka sendera kuno, poti mlandu watulukira m'chikwama chako. Msuweni wakoyo aleke kuzembera kuseri kwa nkhokwe, miyendo ikuoneka. Mafoni agone chafufumimba pamphasa. Lero ambuya anu ndine mfumu, nduna ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo apilo kulibe.

Inu amuna anga, ndinakulandirani ndi nthungululu, ndinakupherani tambala. Ndinauza mudzi wonse kuti amuna anga abwera kudzandifolerera denga mvula isanagwe. Koma chitsikireni basi pa Nyimba paja, denga simunaliponyere ndi diso lomwe. Usiku nyale ya sola ili ngwee pakhonde, mitu pamodzi, mkangano mpaka tambala wotsalayo kulira. Ine m'nyumba mtima uli m'mwamba, kuyesa kuti wina wachimwitsa mwana wa eni, kapena nkhani ya malire a munda ija yaukanso. Kutchera khutu bwino, ndikumva mlandu wake ndi wakuti mutu wa kamsilikali kena wakula kuposa thupi. Kamsilikali kake kosaposa chala changa chamanthuchi!

Musayese kuti sindidziwa kanthu. Zipupa za nyumba ino n'zadothi, mawu amadutsa, ndipo pamene panandivuta ndinakafunsa malume anu aphunzitsi aja. Masewera anuwa ndi Warhammer 40,000, eni ake ndi kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham ku England, ndipo anayamba mu 1987, mayi ako iwe akadali kusewera masanje. Kampaniyo inabadwira ku London mu 1975, anyamata atatu akusema matabwa a masewera m'nyumba yomwe ankagona. Pa matabwa amenewo panalinso a masewera a timaenje ndi timiyala, a mtundu wa nsolo. Mwamva? Anayambira pa nsolo. Inu mwadutsa madala akutchaya nsolo pansi pa mtengo wa mango, moni womwe wa m'kamwa mokha, n'kukapereka ndalama yogulira mbuzi kwa anthu amene anayambira pomwe inu mwadutsapo.

Tsopano mkangano wanu, monga ndaumvera ine. Iwe wamkulu ukuti asilikali akale ndiwo anali asilikali, a zisoti zosongoka kukamwa zija, afupiafupi, otangadza miyendo, ndipo ukuti aliyense anali ndi mzimu wake. Wa ku Lusakayu akuti ayi, amene anatuluka mu 2017, otchedwa Primaris, ndiwo anaumbidwa ngati anthu, miyendo yaitali, chiuno chili pamalo pake. Iwe n'kuyankha kuti atsopanowo ndi osalala kwambiri, alibe mbiri pankhope, anangowakulitsa kuti akale aoneke ana, anthu agulenso. Pamene wamng'onoyu anatulutsa ake a T'au, nonse awiri munagwirizana koyamba chifikireni, kumuseka kuti amenewo ndi zidole za m'makatuni a ku Japan. Malume anu akuti chipongwe chimenechi chinayamba mu 2001, pamene a T'au anatuluka, ndiye kuti ngakhale matukwano anu ndi a salaula. Mwana wa mwana wanga analowa m'nyumba nsima osaimaliza.

Poti mwaufuna mlandu wa maonekedwe, mwaufikitsa kwa mwini wake. Ine ndaumba mbiya chiyambire utsikana wanga, ndipo mitsuko yanga yatunga madzi m'midzi yambiri ya kwa Nyalugwe kuno. Patseni kabuluu ako. Ultramarine, eti? Taonani mapewa. Munthu wovala zikhokhombe zotere pamapewa angayang'ane bwanji kumbali? Mdani akangodzera kumanzere, nkhondo yatha. Udzudzu ukamuluma pamsana adzaitana ndani? Uyu mukuti ndi mtsogoleri wawo, anzake onse avala zisoti, iye mutu uli pamtunda, mpala ili mbee, kukamwa yasaa. Mtsogoleri wanji woitana chipolopolo? Ndiye zibade za anthu akufa: pachifuwa chibade, pabondo chibade, pamfuti chibade, pambendera chibade. Kuno munthu akapezeka ndi chimodzi chokha, mudzi sugona. Ndamutembenuza uku ndi uku, sindikuona chigubu cha madzi, sindikuona kampoto, ngakhale kathumba ka ufa. Mukuti mfumu yawo yakhala pampando wagolide zaka 10,000 osadzuka. N'zoona imeneyo siidzuka, ikanadzuka ikanafunsa kuti anyamatawa akudya chiyani.

Asilikali ine ndawaona. Ndili mtsikana munali madala m'midzi muno amene anapita ku Burma ndi Northern Rhodesia Regiment pa nkhondo yachiwiri ija. Akakhuta mowa sankasimba za kunyezimira kwa mfuti. Ankasimba za mvula yosatha, misundu ndi mapazi owola m'majombo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi yomweyo imene azungu anu ankaumba oyamba a zisoti zosongokawo, nkhondo ya ku Mozambique inasefukira kuno kum'mawa. Midzi ya m'malire anthu ankagona kutchire, ndipo othawa nkhondo anadzaza ku Ukwimi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Aliyense wonyamula mfuti amene ndinamuona masiku amenewo anali wowonda, maso ali psuu, ndipo mawu ake oyamba anali ofunsa madzi. Ndiye mukamakangana kuti uyu ndiye akuoneka weniweni kuposa uyo, ine ndimangoyang'ana ntchafu zawo. Onsewa ndi okhuta.

Musaseke, sindinamalize.

Ndinakuyang'ana dzana iwe wa ku Lusaka, uli chete pampando. Unadula kamkono pa kachimango kake ndi kapulayala, n'kutenga kampeni kupala kamzere kamene chikombole chinasiya kuchokera paphewa mpaka pachigongono, kamzere koti munthu sangakaone pokhapokha atakalozetsa kudzuwa. Unapala, n'kupemerera, n'kupalanso. Kenako penti: kadontho kamodzi, madzi pang'ono, kupaka kopyapyala, kudikira kuti uume, kubwerezanso, poti ukuti penti wokhuthala amakwirira nkhope. Pofika padiso unanyambita nsonga ya bulashi, n'kutsamiritsa dzanja pa dzanja linzake, n'kuleka kupuma. Ine ndinaleka kupuma nawe. Manja amenewo ndawadziwa, ndi anga. Ndi momwemo ndimakulungizira khosi la mtsuko ndi nkhulungo mpaka litawala, wina akandilankhula osamuyankha. Mayi ako sanatengeko, iye mbale yomwe imamupulumuka. Adumpha m'badwo n'kugwera kwa iwe.

N'chifukwa chake mlandu wako ndi waukulu kuposa wa anzakowa. Manja otere ukuwagwiritsa ntchito yodzoza mwana wa mwini. Kamsilikali aka sunakaumbe iwe. Anakajambula munthu wina pa kompyuta, makina n'kukhuthulira pulasitiki m'chikombole chachitsulo, ndipo nkhope yomweyi ili ku Johannesburg, ili ku London, ili m'chikwama cha mnyamata aliyense amene anapereka ndalama. Mutu ukakula, inu simungauchepetse, mungodandaula. Miyendo ikafupika, mudikira eni ake akumvereni chisoni chaka chamawa. Ine mphika ukandipotokera pakamwa sindilembera kalata munthu. Ndimauphwanya, ndithire madzi, ndiponde dongo, ndiyambenso.

Kuno kuchigwa kashembe sankalola ng'ombe kukhala, zinali kumtunda cha ku Petauke. Koma alongo anga anali ndi makola odzaza. Ankapita kudambo kukakumba dongo lakuda lapansi, osati lapamwamba lamchenga, n'kulikanda mpaka lileke kumata zala. Ng'ombe yamphongo inkayambira palinunda. Kenako khosi lolimba, miyendo ifupiifupi kuti isathyoke, nyanga pomaliza. Ankaziumitsa pamthunzi, chifukwa dzuwa la mu Okutobala la kuno limang'amba dongo tsiku lomwelo, ndipo wochenjera ankadikira tsiku limene amayi akuwotcha mbiya n'kuzembetsa nkhunzi yake m'makungwa. Ine ndinali m'gulu la okuba dongo losinjira mapale la amayi, n'kugulitsa kwa alongowo pa mtengo wa mbewa. Ndiye musayese kuti mikangano inalibe. Inalipo yoopsa! Uyu akuti nyanga zotambalala ndiye ulemerero, uyo akuti zokhota ndizo zimabaya, wina akuti yako ikuoneka ngati njiri. Panali otsatira linunda lalikulu ndi otsatira laling'ono, ndipo ena sanalankhulane mpaka kukolola.

Kusiyana kwake n'kwakuti mlandu wathu unkatha. Dzuwa likapendeka, aliyense agwire nkhunzi yake pamsana, mphumi ndi mphumi, gu! gu! mpaka nyanga ya wina ithyoke. Yothyokayo ndiye yoipa, basi, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Mwini wake alire pang'ono, mawa m'mamawa ali kudambo, ndipo yamawayo inkakhala yabwino kuposa yadzulo. Anyamata a m'badwo wa malume anu anachita chimodzimodzi ndi magalimoto a mawaya: ya mawilo a zitsekerero za mabotolo ikagwa mphuno pa chitunda, panalibe wofunsa kuti penti wake ndi wamtundu wanji.

Nanga nkhondo yanu? Ndinaionera pathebulo langa lodyera, lomwe munalilanda osapempha. Tepi yoyezera ya telala, kuyeza mainchesi sikisi, kusuntha kamunthu. Madayisi dzanja lonse, kuwakhuthula, kuwerenga, kutsegula buku, kukangana za buku. Mpunga unapsa n'kuzizira, wina asanawombere mnzake. Pamene mmodzi anafa, unamunyamula ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, n'kumugoneka pa siponji. Msilikali wofa wopanda ndi chipsera chomwe! Ndipo kamwana ka aneba kaja katangotambasula dzanja kuti kakhudze, nonse atatu munakuwa mpaka agalu a mudzi winawo anayankha. Asilikali ogonjetsa nyenyezi, oopa mwana wa zaka zitatu wodya mango.

Ngakhale azungu enieniwo sanayambe motero. Malume anu akuti mlembi wina, H. G. Wells, anatulutsa buku la malamulo a masewera otere mu 1913, Little Wars, ndipo m'menemo akuluakulu a ndevu ankakwawa pansi ndi timizinga ta sipuling'i, kuwombera timitengo, kamsilikali kogundidwa kagwe ndithu. Ameneyo ndikanamupatsa mpando pakhomo pano. Iye ankati anthu akamenyana ndi tizidole mwina adzaleka kuphana zenizeni. Chaka chotsatira nkhondo yaikulu inayamba, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Palinso mlandu wa makatoni. Mayi ako anandiimbira foni, usayang'ane kumbali. Akuti pansi pa bedi lako ku Lusaka pali makatoni osatsegula, ena otsegula koma asilikali ake akadali otuwa, opanda mitu, ndipo iwe ukusunga ndalama ya ena atsopano. Munthu wosamaliza kupalira munda umodzi akupempha mfumu munda wachiwiri. Ukuti ukufuna kudzapikisana nawo pa Golden Demon, mpikisano wa openta bwino umene unayamba mu 1987, kumene wopambana onse amapatsidwa lupanga lenileni. Chabwino, ukalitenge. Udzu wa kuseri kwa khola la mbuzi ukulidikira.

Tsono imirirani mumve chigamulo.

Mawa nonse padenga, udzu uli kale pamulu, luzi ndaviika. Likatha denga, mutenge khasu ndi chidebe, ndikakulozereni pamene pali dongo, ndipo mukafika musamalankhule zachibwana, malo amenewo ndi a amayi akuluakulu. Aliyense aumbe msilikali wake ndi manja ake. Wokonda zisoti zosongoka asongole mpaka akhutire. Wokonda miyendo yaitali aitalikitse, aone yekha chimene chimachitika kwa miyendo yaitali pamoto. Wamng'onoyu aumbe wa ku Japan wakeyo, ndipo womuseka alipira nkhuku. Aliyense wa asilikaliwo akhale ndi chigubu cha madzi. Tidzawotcha limodzi ndi mbiya zanga, ndidzawagogoda ndi chala ndimve kulira kwake, otuluka amoyo adzagundana pabwalo pamaso pa ana onse a m'mudzi, ndipo wothyoka khosi nkhani ya maonekedwe asadzaitchulenso mpaka Khirisimasi.

Chindapusa cha khoti ndi kobiriwira ako. Ayi, osati ako, kamano aka, ka Ork. M'katoni monsemo ndi kokhaka kamene kakuseka, ndipo galimoto yake yoikhomerera ndi malata otola ndi misomali yopindika, imeneyo ndiye ndaimvetsa. Kakhala pawindo langa. Usalire, mwamuna wamkulu, uli nato tina makumi angati.

Mukutinso anthu obiriwirawa amakhulupirira kuti galimoto yopaka penti wofiira imathamanga kuposa zinzake. Kabotolo kofiira kaja usakabwezere m'chikwama. Upake njinga ija ili m'khitchini, kuyambira hendulo mpaka keliyala, chifukwa Loweruka ukupita kuchigayo ndi thumba la mphale, ndipo ulendo watha uja unanyamuka m'mawa n'kubwera nkhuku zitalowa.