Amalume Ake Sanauzidwe

Minibasi ya ku Jenda inali isanadzaze, ndiye tinabisalira dzuwa pakhonde la kashopu kokonza mafoni pafupi ndi depoti ya Mzimba. Mnyamata wina wongofika kumene kuchokera ku Joni ankafotokozera anzake, uku akusakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, zoti kumeneko kompyuta yake imagwira ntchito usiku ndi usana kuthandiza anthu a Tor, njira yobisalira pa intaneti.

Anajambula timabokosi titatu pachikatoni cha sopo. Uthenga wa munthu wofuna kubisala pa intaneti umadutsa m'makompyuta atatu a anthu ongodzipereka. Yoyamba imadziwa wotumiza koma sidziwa komwe uthengawo ukupita, yapakati sidziwa zonse ziwiri, yomaliza imadziwa kopita kokha. "Yanga ndi yomalizayi," anatero akugogoda kabokosiko ndi cholembera. "Mtolankhani amene boma lake likumusaka amatulukira pa ine."

Bambo wina wachikulire, atagwira kathumba ka feteleza pamiyendo, anamvetsera mpaka mnyamatayo atamaliza.

"Mwana wanga, wakuba naye satulukira pomwepo?"

"Amatulukira, adada. Koma ine sindimudziwa, ndipo sindisuzumira za anthu. Ndili ngati matransipota athu aja. Amanyamula katundu womata kuchokera ku Joni mpaka ku Embangweni osamumasula."

"Nanga pachipata cha Mwanza akapeza choipa m'katundumo, amayamba kugwira ndani?"

Anzake aja anangoti zii. Funsolo linali m'malo mwake, chifukwa tsamba lililonse limene uthengawo wafikako limaona adiresi ya kompyuta yomalizayo, ndipo apolisi amayambira pomwepo. Mu April 2017, ku Moscow anamanga Dmitry Bogatov, mphunzitsi wa masamu, chifukwa cha mauthenga olimbikitsa zipolowe amene wina anatumiza kudzera pa kompyuta yake. Mlandu unathetsedwa mu 2018, koma miyezi imene anakhala m'chitokosi palibe anamubwezera.

Mnyamatayo sanagonje. Anati malamulo a mayiko ambiri amasiyanitsa wolemba uthenga ndi wongoudutsitsa, ndipo kuno kwathu lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limakambanso za anthu apakatiwa. Anawonjezera kuti popanda odzipereka ngati iye, woulula katangale alibe pothawira. Pamenepa ndinagwirizana naye ndi mtima wonse. Ntchitoyi ndi yofunika, ndipo woigwira mosasuzumira mauthenga a eni ake ndi woyenera ulemu.

Bambo aja anasuntha kathumba kawo. "Layini ya intanetiyo ili m'dzina la ndani?"

"La amalume. Iwo ndi amene ali ndi mapepala."

"Unawauza?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi, n'kunena kuti amalumewo za makompyuta sazimva.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandiwawa. Kulolera kuti apolisi adzagogode pakhomo pako chifukwa cha alendo osawadziwa ndi kulimba mtima. Koma khomo limeneli ndi la munthu wina, amene mwina ndalama zake ndi zimene zikuphunzitsa ana ndi kufolera nyumba kumudzi. Ngakhale eni ake a Tor amalangiza kuti kompyuta yomalizayi isamayikidwe panyumba, koma pamalo obwereka kwa kampani imene yauzidwa bwinobwino ndipo yavomera.

"Uwaimbire lero," anatero bambowo akuimirira. "Akakana, uzimitse."