Mmene mungavutikire mwaulemu ndi khadi la mawu pa kompyuta yakale

Mwapeza bokosi la Pentium lomwe linasanduka lachikasu ndi ukalamba, mwalipukuta, mwaikamo MS-DOS 6.22, ndipo mukufuna mfuti za mu Doom zilire monga zinkalirira mu 1993. Musapupulume, akuluakulu. Kutsegula DOSBox pa laputopu n'kumva mawu nthawi yomweyo ndi khalidwe la alesi. Munthu wodzilemekeza amayamba wavutika kaye.

Yambani ndi kugula khadi lolakwika. Magemu a DOS anazolowera makhadi a ISA, monga Sound Blaster 16 ya 1992. Inu sankhani Sound Blaster Live! ya PCI, ya 1998, poti ndi yatsopanoko. Khadi limeneli limangonamizira kukhala Sound Blaster 16, ndipo kuti bodzalo ligwire pamafunika EMM386. Kenako tsegulani Ultima VII, gemu yomwe ikangoona EMM386 imakana kuyamba. Mwayamba bwino.

Mukapeza khadi la ISA, musataye mtima, mavuto akadalipo. Khadi, gemu ndi fayilo ya AUTOEXEC.BAT ziyenera kugwirizana pa manambala atatu: adiresi 220, IRQ 5 ndi DMA 1. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chikudziwa zakezake. Lembani mwaluso SET BLASTER=A220 I5 D1 H5 P330 T6, koma kajampa ka pakhadi mukasiye pa IRQ 7. Mzere umenewo sulamula khadi, umangouza magemu komwe khadilo lili, choncho mukhoza kuwanamiza mmene mungafunire. Nyimbo zidzamveka bwinobwino chifukwa zimadutsa pa adiresi 388 ndipo sizifuna IRQ kapena DMA. Mfuti ndiye idzalira kamodzi n'kukhala duu, mwinanso gemu yonse idzauma. Apa nenani molimba mtima kuti khadi lafa, mugule lina.

Ngati manambala agwirizana mwangozi, lowetsani khadi la netiweki, nalonso mulipatse IRQ 5. Pa ISA, IRQ imodzi ndi ya khadi limodzi. Kuika awiri kuli ngati kulowetsa akazi a mitala m'khitchini imodzi: nsima siipsa, koma phokoso lokha. Mu BIOS musayerekeze kusungira khadi la majampa nambala yake poika Legacy ISA. Lolani makhadi a PCI ailande.

Makhadi a Plug and Play alibe majampa a IRQ. Amadzuka osadziwa kuti ndi ndani mpaka pulogalamu monga CTCM iwauze. Musaiike. Mukamva kuti kuli kapulogalamu kotchedwa UNISOUND kodzutsa makhadi ambiri otere ndi mzere umodzi, tsekani makutu. Kangakuonongereni Loweruka lonse lomwe munakonza zovutika.

Tsopano dyetsani DOS madalaivala. Dzazani CONFIG.SYS ndi CTSB16.SYS, CTMMSYS.SYS ndi dalaivala wa CD, muonjezere MSCDEX ndi wa mausi mu AUTOEXEC.BAT, osagwiritsa DEVICEHIGH kapena LOADHIGH ngakhale kamodzi. Magemu ambiri amalankhula ndi khadi mwachindunji ndipo awiri oyambawo sawafuna n'komwe, koma zimenezo si nkhani. Chofunika n'choti 640 KB ya memore ya DOS ithe, gemu ikuuzeni kuti memore yachepa pa makina okhala ndi 64 MB.

Pa magetsi, gulani bokosi la magetsi la ATX latsopano lonyezimira. Lilibe waya wa -5V, womwe makhadi ena monga Sound Blaster 2.0 ndi Pro Audio Spectrum 16 amaufuna. Palibe uthenga womwe udzaonekere. Mudzasintha madalaivala mpaka tambala kulira, vuto lili pa waya womwe kulibe.

Zinthu ziwiri muziyang'ane pomalizira penipeni, zonse zikakanika: ngati masipika mwawalumikiza pa bowo loyenera, osati la maikolofoni, ndiponso ngati voliyumu ya mu mikisa siili pa 0. Kuyamba ndi zimenezi n'kudzichotsera ulemu.

Tsiku lina, ngakhale mwayesetsa chonchi, mawu adzatuluka. Musasewere gemuyo. Zimitsani, muzule khadi, muliyang'ane ndi tochi. Ngati mulibe chipi cha OPL3 cha Yamaha, ndiye kuti mwina mwakhala mukumva CQM, chotsanzira chomwe kampani ya Creative, yopanga Sound Blaster, inaika m'makhadi ake a pambuyo pake, ndipo akatswiri adzakuuzani kuti makutu anu ananamizidwa. Ngati chilimo, lumikizani chida cha MIDI, mudikire kamawu kamodzi kokakamira osatha, matenda odziwika a Sound Blaster 16 zambiri. Mankhwala ake ndi kuika khadi lachiwiri loyendetsa MIDI yokha. Khadi limenelo lidzafuna adiresi ndi IRQ yakeyake, ndipo inu mukudziwa kale nambala yoti mulipatse: 5.